Mpingo wa anthu apaulendo: momwe utumiki wa Akatolika pa yunivesite umayendera

Pa 7 September 2025, Papa Leo XIV adalengeza kuti Pier Giorgio Frassati ndi woyera. Mnyamatayu sanali wansembe kapena m'bulazala. Ankaphunzira uinjiniya wa m'migodi mumzinda wa Turin ku Italy, ndipo adamwalira ndi poliyo pa 4 July 1925 ali ndi zaka 24, maphunziro asanamalize. Anthu amamukumbukira chifukwa choti pakati pa makalasi ndi mayeso ankayendera amphawi ndi odwala a mumzindawo. Sankachita zimenezi payekha. Anali membala wa FUCI, bungwe la ophunzira Akatolika a m'mayunivesite a ku Italy, komanso wa bungwe la Vincent de Paul Woyera.

Nkhani yakeyi yachititsa ambiri kufunsa kuti magulu otere amagwira ntchito yanji kwenikweni. Ena akamva za utumiki wa Akatolika pa yunivesite amangoganiza za Misa ya Lamulungu ndi kwaya. Ena amauona ngati kalabu wamba, yofanana ndi ya mpira kapena ya zisudzo. Makolo ena amada nkhawa kuti zochitika za kutchalitchi zidzamudyera mwana nthawi yowerenga. Onsewa akugwira kachidutswa chabe ka nkhaniyi.

Utumikiwu n'chiyani?

Ndi njira imene Mpingo wa Katolika umasamalira nayo anthu a pa sukulu zaukachenjede: ophunzira makamaka, komanso aphunzitsi ndi antchito ena a pasukulupo. Udindowu uli m'manja mwa episkopi. Buku la malamulo a Mpingo la 1983, pa lamulo la 813, limati episkopi wa dayosizi asamalire ophunzira mwakhama, ngakhale powakhazikitsira parishi yawoyawo kapena kuwapatsa ansembe okhazikika, ndipo aonetsetse kuti pa mayunivesite, ngakhale amene si a Katolika, pali malo othandizirapo achinyamata, makamaka pa moyo wauzimu.

Maonekedwe ake amatengera mwini sukulu. Pa yunivesite ya Mpingo, utumiki umakhala ofesi ya sukuluyo, yokhala ndi antchito ndi bajeti, ndipo tchalitchi chimakhala pakati penipeni pa nyumba zophunziriramo. Pa yunivesite ya boma kapena ya anthu ena, Akatolika amakhala gulu limodzi pakati pa magulu ambiri a zipembedzo. Amalembetsa ku ofesi yoona za ophunzira, kubwereka holo kapena kalasi yochitiramo Misa, mwinanso kugwiritsa ntchito parishi yoyandikana nayo. Ku United States nyumba zambiri zotere zimatchedwa Newman Center, dzina lochokera kwa John Henry Newman, wansembe wa Anglican wa ku Oxford amene adalowa Chikatolika mu 1845, pambuyo pake n'kukhala kadinala.

Kusiyana kwakukulu ndi parishi wamba n'kwakuti anthu a pano sakhalitsa. Ku parishi munthu atha kubatizidwa, kumanga ukwati ndi kuikidwa m'manda pa tchalitchi chimodzimodzi. Pa yunivesite, ngati maphunziro ndi a zaka zinayi, ndiye kuti chaka chilichonse pafupifupi mmodzi mwa ophunzira anayi amachoka, ndipo pakatha zaka zinayi pafupifupi onse amakhala atsopano. Malowa ali ngati nazale ya mitengo: mbande zimasamalidwa kwa kanthawi, zikangokhwima zimatengedwa kukadzalidwa kwina, ndipo wosamalira amayambanso ndi mbewu zatsopano. Pafupifupi zonse zimene zimayenda bwino kapena kusokonekera mu utumikiwu zimachokera pa mfundo imeneyi.

Kumene zidachokera

Ntchito zachifundo za ophunzira Akatolika monga tikuzidziwira lero zili ndi mizu ku Paris. Mu April 1833, Frédéric Ozanam, wophunzira zamalamulo wa zaka 20 ku yunivesite ya Sorbonne, adasonkhana ndi anzake ochepa atanyozedwa pa mtsutso kuti Akhristu amangotamanda zakale koma ntchito zawo za lero sizioneka. Iwowo sankadziwa kumene amphawi amakhala kapena momwe angalowere m'nyumba zawo. Adawatsogolera ndi Sisitere Rosalie Rendu, amene adagwira ntchito zaka zambiri m'dera la amphawi la Mouffetard. Iye ankawapatsa mabanja oti aziwayendera. Gululo ndi limene lidadzakhala bungwe la Vincent de Paul Woyera. Taonani dongosolo lake, chifukwa likugwirabe ntchito: achinyamata anali ndi mphamvu ndi nthawi, koma adadalira munthu wokhazikika amene ankawadziwa anthu a m'deralo.

Magulu ena adabwera pambuyo pake. Kalabu yoyamba ya Newman ku United States idayamba mu 1893 pa University of Pennsylvania. FUCI idakhazikitsidwa mu 1896, ndipo mmodzi mwa ansembe amene adaitsogolera pa zauzimu anali Giovanni Battista Montini, amene adadzakhala Papa Paul VI. Mu 1921 mabungwe a ophunzira Akatolika a m'maiko osiyanasiyana adagwirizana ku Fribourg ku Switzerland n'kupanga Pax Romana.

Ndani amagwira chiyani

Episkopi amasankha wansembe mlangizi, amene ena amamutchula kuti chapuleni. Iyeyu amatsogolera Misa, kumva kulapa, kupereka uphungu wauzimu ndi kulumikiza gulu ndi dayosizi. Kawirikawiri sakhala ndi ntchito imeneyi yokha: atha kukhalanso mphunzitsi kapena wothandiza pa parishi. Kumene zinthu zili bwino pamakhalanso sisitere, m'bulazala kapena mkhristu mwini wake wophunzitsidwa ntchitoyi, amene amapezeka mkati mwa sabata. Munthu ameneyu ndi wofunika kwambiri, chifukwa mavuto a ophunzira sadikira Lamulungu, ndipo si wophunzira aliyense amene angamasuke kwa wansembe.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku imakhala ya komiti ya ophunzira: wapampando, mlembi, msungichuma, ndi oyang'anira zigawo monga mapemphero, kwaya, maphunziro a chikhulupiriro, ntchito zachifundo ndi kulandira alendo. Komiti ya anthu 8 mpaka 12 imakwanira. Ikakula kwambiri misonkhano imatalika popanda chomanga, ndipo ikachepa kwambiri anthu omwewo amasenza zonse mpaka kutopa.

Pali malire amene ndi bwino kuwatchula poyera chaka chikamayamba. Zokhudza masakramenti ndi chiphunzitso cha Mpingo womaliza kulankhula ndi wansembe mlangizi. Zokhudza nthawi ya misonkhano, mtundu wa ntchito zachifundo ndi njira zoitanira anzawo, ophunzira amadziwa bwino kuposa iye. Wansembe akamalamula zonse, gulu limangokhala omvera. Akazisiyiratu zonse, komiti imasanduka bwalo la mipikisano ya maudindo.

Ntchito zitatu zosalekanitsika

M'kalata yake yoyamba ya mu 2005, Papa Benedict XVI adafotokoza kuti Mpingo uli ndi ntchito zitatu: kulalika Mawu a Mulungu, kuchita masakramenti ndi kutumikira mwachikondi. Adatsindika kuti ntchito yachifundo si chinthu chapadera chimene Mpingo ungasiyire ena, koma ndi mbali ya chimene Mpingo uli. Buku la Ntchito za Atumwi limaonetsa zomwezo: pa mutu 2 Akhristu oyamba akumva chiphunzitso, kunyema mkate, kupemphera ndi kugawana katundu, pa mutu 6 akusankha amuna asanu ndi awiri oti aziyang'anira chakudya cha amasiye, patabuka madandaulo akuti ena akusalidwa.

Pa yunivesite chimodzi mwa zitatuzi chimakonda kumeza zinzake. Gulu lina limakhala la nyimbo ndi mapemphero okhaokha, osadziwa n'komwe kuti m'bale wawo wagona m'chipatala. Lina limasanduka bungwe lachitukuko limene limatsegula msonkhano ndi pemphero la mphindi imodzi pongokwaniritsa mwambo. Lina limakhala la mitsutso ya zaumulungu, anthu asanu okhaokha ozindikira, ena onse atathawa. Njira yosavuta yoyezera ndi kutenga kalendala ya teremu yapita n'kuwerenga kuti maola angati adapita ku chilichonse mwa zitatuzi.

Momwe moyo wa pamodzi umamangidwira

Masabata oyambirira a chaka cha maphunziro ndi amene amalamula zambiri. Wophunzira watsopano amakhala akufunafuna anzake, malo odyera ndi njira zopitira ku makalasi. Pakangotha mwezi umodzi kapena iwiri amakhala atapeza gulu lake ndi chizolowezi chake, ndipo kumukoka pamenepo kumavuta. N'chifukwa chake magulu odziwa ntchito amakonzekera sukulu isanatsegulidwe: nthawi ndi malo a Misa zilembedwe poonekera, pakhale tebulo pamalo olembetsera, ndipo pa Misa zoyamba paime anthu pakhomo olandira alendo ndi kulemba maina ndi manambala a foni a amene avomera. Mndandandawo pawokha ulibe phindu. Wina amuimbire kapena kumuyendera mlendoyo pasanathe masiku atatu, ndipo akhale munthu mmodzi wodziwika dzina. Kungomuponya m'gulu la WhatsApp la anthu mazana si kumulandira.

Misa ya Lamulungu ndiyo phata, koma munthu atha kubwera ku Misa zaka zinayi osadziwika ndi aliyense. Kudziwana kumachitikira m'timagulu ting'onoting'ono, tofanana ndi miphakati ya ku parishi. Kagulu ka anthu 6 mpaka 10 n'koyenera. Akapitirira 12, olankhula amakhala atatu okha, ena n'kumangoyang'ana pansi. Msonkhano ukhale wa sabata ndi sabata, tsiku ndi nthawi yosasinthasintha, ndipo usapitirire ola limodzi ndi theka.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Pemphero lalifupi lotsegulira. Kuwerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu likudzalo kawiri, ndi anthu awiri osiyana. Kukhala chete mphindi zitatu kapena zisanu. Kenaka aliyense wofuna anene mawu amene amukhudza ndi chifukwa chake. Pambuyo pake gulu ligwirizane kanthu kamodzi kochita sabata imeneyo, lifunsane za zimene lidalonjeza sabata yatha, n'kutseka ndi mapemphero opempherera wina ndi mnzake. Njira ya masitepe asanu ndi awiri yogawana Mawu a Mulungu, yochokera ku Lumko, malo ophunzitsira utumiki wa Katolika ku South Africa, imatsata dongosolo lofanana ndi limeneli. Wotsogolera asasanduke mlaliki. Ntchito yake ndi kusunga nthawi, kuitana ofatsa kuti alankhule, ndi kuletsa mwaulemu amene akufuna kukonza zimene mnzake wanena. Funso lovuta la chiphunzitso likabuka, lilembedwe n'kupita nalo kwa wansembe mlangizi m'malo mongoganizira yankho. Lamulo lina losasweka: zimene munthu waulula m'kagulu zisatuluke panja. Nkhani imodzi yokha ikamveka kuhostelo, kaguluko katha.

Kudyera pamodzi kumamanga kuposa momwe ambiri amaganizira, ndipo sikufuna phwando. Chofunika n'chakuti atsopano asamangotumikiridwa. Munthu amene wapatsidwa ntchito yonyamula mipando kapena kutsuka makapu pa sabata yachiwiri amayamba kunena kuti "kwathu", pamene wongolandira amakhalabe mlendo.

Palinso ophunzira ofuna kubatizidwa kapena kulandira ulimbitso. Akatekumeni akuluakulu amaphunzira kwa miyezi yambiri, amasankhidwa mwa mwambo pa Lamulungu loyamba la Lenti, n'kubatizidwa usiku wa Pasaka. Vuto ndi lakuti Pasaka imasuntha pakati pa 22 March ndi 25 April, ndipo itha kugwa pa tchuthi kapena pa mayeso. Kalendala ya sukulu ndi ya Mpingo ziikidwe pamodzi chaka chisanayambe. Chimodzimodzinso mbindikiro: ukaikidwa sabata ziwiri mayeso asanayambe, amabwera ndi a komiti okha.

Ophunzira a mipingo ina ndi zipembedzo zina amabwera ku Misa ndi anzawo ogona nawo chipinda chimodzi. Ndi olandiridwa pa zonse za gulu, koma malamulo a Mpingo salola kuti amene si Mkatolika alandire Ukaristia, kupatula pa zochitika zochepa zimene malamulowo amatchula. Kulengeza zimenezi mwaulemu Misa isanayambe kumapewetsa manyazi a pamzere.

Ntchito zachifundo: kuyambira pati?

Mwambo wa Mpingo umatchula ntchito zachifundo zisanu ndi ziwiri za thupi: kudyetsa anjala, kumwetsa aludzu, kuveka ausiwa, kulandira alendo, kuyendera odwala, kuyendera akaidi ndi kuika maliro. Zisanu ndi chimodzi zoyambazo zikuchokera pa Mateyo 25. Palinso zisanu ndi ziwiri za mzimu, monga kuphunzitsa osadziwa, kulangiza okayika, kutonthoza achisoni, kukhululukira ndi kupempherera amoyo ndi akufa. Kwa wophunzira amene m'thumba mulibe kanthu, mndandanda wachiwiriwu ndi wofunika: kuthandiza mnzako amene masamu amukanika ndi ntchito yachifundo yeniyeni.

Gulu lofuna kuyamba ntchito kunja kwa sukulu liyambe ndi kupeza mnzake wokhazikika: parishi, chipatala, nyumba ya okalamba, ndende, sukulu ya pulaimale kapena ofesi ya dayosizi ya Caritas, bungwe lachifundo la Mpingo. Funso loyamba kwa iwo likhale lakuti "mukusowa chiyani, ndipo tsiku liti?" Magulu ambiri amafika atasankha kale chochita, n'kupereka zovala kumene anthu ankafuna wowawerengera makalata kapena wocheza nawo.

Kenaka lonjezo likhale laling'ono koma losaphonya. Maola awiri pa sabata kwa teremu yonse amaposa tsiku limodzi lalikulu la basi yodzaza, nyimbo ndi zithunzi. Mwana amene akuphunzitsidwa kuwerenga amafunika kuona nkhope yomweyo sabata ndi sabata. Wokalamba amayamba kufotokoza zakukhosi pa ulendo wachinayi kapena wachisanu. Pa ntchito iliyonse palembedwe anthu ochulukirapo kuposa ofunika, chifukwa sabata iliyonse wina adzakhala ndi mayeso kapena kudwala. Mnzanu wokhazikikayo auzidwe pachiyambi pomwe masabata a mayeso ndi a tchuthi, kuti akonzekere nthawi imene simudzabwera.

Poyendera anthu m'nyumba, a Vincent de Paul amapita awiriawiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Awiri amatetezana, amateteza woyenderedwayo, ndipo amamva zinthu zosiyana. Ulendo woyamba ndi womvetsera. Musalonjeze ndalama kapena thandizo pomwepo. Nenani kuti mukafotokozera gulu. Lonjezo la mtima wabwino loperekedwa pakhomo, gulu n'kulephera kulikwaniritsa, limawononga chikhulupiriro chimene chidamangidwa kwa miyezi. Foni ikhale m'thumba. Kujambula munthu ali pamphasa akudwala kuti chithunzi chikakope opereka thandizo kumamuvula ulemu, ndipo kuvomera kwa munthu amene akudikira thandizo lanu si kuvomera kwaufulu kwenikweni.

Pobwerako gulu likhale pansi mphindi 20 kapena 30. Gawo limeneli ndi limene limadumphidwa kawirikawiri, koma ndi pamene ntchito imasanduka maphunziro. Njira yodziwika ndi ya Joseph Cardijn, wansembe wa ku Belgium amene ankagwira ntchito ndi achinyamata a m'mafakitale: kuona, kusinkhasinkha, kuchitapo kanthu. Papa John XXIII adaivomereza m'kalata yake ya mu 1961, ndipo magulu a YCS (Young Christian Students, bungwe la ophunzira achikhristu) amaigwiritsa ntchito mpaka lero.

Tiyerekeze kuti gulu laona kuti ophunzira ena amagona ndi njala teremu ikamatha. Pa gawo la kuona, mafunso ndi akuti: ndi angati, ndi masabata ati, chimayambitsa n'chiyani? Kodi ndalama zothandizira maphunziro zimachedwa, kapena zimatha msanga, kapena ena amatumiza kwawo? Pa kusinkhasinkha gulu limayeza zimenezi ndi Malembo ndi chiphunzitso cha Mpingo. Kalata ya Yakobe pa mutu 2 imadzudzula wouza wanjala kuti apite ndi mtendere osamupatsa kanthu. Chiphunzitso cha ulemu wa munthu chimakumbutsa kuti wanjalayo asachititsidwe manyazi. Pa kuchitapo kanthu patha kutuluka zinthu ziwiri: kabati ya chakudya chosaonongeka msanga imene munthu angatengemo popanda kulembedwa dzina poyera, ndi kalata yopita kwa mkulu woona za ophunzira yofotokoza vutolo ndi manambala ake. Choyamba chikuthandiza wa lero. Chachiwiri chikufunsa gwero la vuto.

Chitsanzochi chikuonetsanso kuti osowa thandizo sakhala kunja kwa mpanda kokha. Wophunzira wolumala amene sangakwere masitepe a ku laibulale, wochokera kudziko lina amene alibe kopita pa tchuthi, mtsikana amene watenga pakati n'kusiya kubwera ku Misa chifukwa cha maso a anthu, mlonda ndi wosesa amene palibe amadziwa maina awo: onsewa ali pafupi, ndipo kuwafikira sikufuna galimoto.

Ndalama ndi chitetezo

Magulu ambiri abwino aphwasuka chifukwa cha ndalama zochepa. Chopereka chiwerengedwe ndi anthu awiri nthawi yomweyo, onse asaine. Ndalama zisungidwe ku akaunti ya gulu kapena ya parishi, osati pa foni ya msungichuma. Potulutsa pasaine anthu awiri, mmodzi akhale wokhazikika monga wansembe mlangizi. Chogula chilichonse chikhale ndi lisiti, ndipo lipoti liwerengedwe kwa onse kamodzi pa teremu. Zimenezi zimateteza msungichuma yemweyo: wophunzira amene fizi yamuthina ali ndi ndalama za gulu m'manja amayamba ndi "kubwereka". Ndalama zosonkhedwera odwala zisapite ku yunifolomu ya kwaya, ngakhale onse atagwirizana kuti adzabweza.

Pogwira ntchito ndi ana kapena akuluakulu osatha kudziteteza, malamulo a dayosizi ndi a dziko atsatidwe. Wamkulu asatsale yekha ndi mwana m'chipinda chotseka, asamalemberane naye mauthenga amseri, ndipo aliyense adziwe kumene angakanene akaona zokayikitsa, ngakhale wokayikiridwayo atakhala mtsogoleri kapena wansembe. Ophunzira ndi akuluakulu pa zaka, komabe pakati pa mlangizi ndi wolangizidwa pali kusiyana mphamvu, choncho uphungu uchitikire pamalo ooneka.

Atsogoleri a timagulu adziwenso malire a nzeru zawo. Mnzawo akanena zofuna kudzipha, akagwiriridwa kapena akamira m'mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, pemphero ndi kucheza sizikwanira. Aperekezedwe kwa dokotala kapena katswiri wa uphungu. Chinsinsi chosaululika m'njira iliyonse ndi cha m'sakramenti la kulapa, chimene chimamanga wansembe. Wophunzira asalonjeze mnzake chinsinsi chotero pa nkhani yoika moyo pachiswe.

Chimene chimapha magulu: kusinthana maudindo

Gulu litha kuyaka moto zaka ziwiri chifukwa cha anthu asanu akhama, kenaka onse asanu n'kumaliza maphunziro tsiku limodzi. Chaka chotsatira palibe akudziwa kuti kiyi wa kabati ali kuti, ndani ankalankhula ndi akuluakulu a ndende, kapena mawu achinsinsi olowera pa tsamba la gulu. Okalamba amene ankayenderedwa aja amangoona kuti ana aja adasiya kubwera.

Mankhwala ake ndi odziwika, kungoti amaiwalika. Zisankho zichitike teremu yathunthu atsogoleri akale asanachoke, kuti atsopano agwire ntchito limodzi nawo. Udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri wa chaka chotsika. Komiti isadzaze ndi a chaka chomaliza, amenenso amakhala otanganidwa ndi kafukufuku wawo. Pakhale buku kapena fayilo imodzi yokhala ndi kalendala ya chaka, maina a mabungwe ogwira nawo ntchito, zimene zidalephereka ndi zifukwa zake. Mtsogoleri wotuluka apite ndi wolowa m'malo mwake kukamuonetsa maso ndi maso kwa amene amagwira nawo ntchito.

Nkhawa ya makolo ija nayonso ili ndi maziko. Wophunzira wakhama amapezeka ali mu kwaya, mu komiti, m'kagulu ndi ku chipatala, kenaka n'kulephera mayeso. Mlangizi wanzeru amaika malire: udindo waukulu umodzi pa munthu, ndipo zochitika zichepe mayeso akayandikira. Kuphunzira ndiyo ntchito imene wophunzirayo adabwerera, ndipo Mpingo umaiona ngati mbali ya kutumikira kwake.

Pamene anthu amasiyana maganizo

Pali mitsutso imene Akatolika okhulupirika amaima mbali zosiyana. Wina ndi wa chifundo ndi chilungamo. Ena amati gulu la ophunzira lizingothandiza anthu mwachindunji, chifukwa likayamba kudzudzula malamulo a sukulu kapena a boma limagawikana ndipo andale amalilowerera. Ena amayankha kuti chiphunzitso cha Mpingo pa za chikhalidwe cha anthu, kuyambira pa kalata ya Papa Leo XIII ya mu 1891 yonena za antchito, chimafuna kuti Akhristu afunsenso chimene chikusaukitsa anthu. Mbali zonse zimagwirizana kuti gulu lisakhale nthambi ya chipani.

Wina ndi wa maulendo akutali a sabata imodzi kapena ziwiri. Owakonda amati amatsegula maso a achinyamata ndipo ena amasintha moyo wonse. Otsutsa amati ndalama za ulendo zikadalipira amisiri a komweko, ndipo opindula kwambiri amakhala oyendawo. Palinso kusiyana pa za kalandiridwe: ena amafuna kuti chiphunzitso chonse, ngakhale chovuta, chinenedwe momveka kuyambira pachiyambi, ena amati munthu ayambe wamva kuti ali pakwawo, mafunso ovuta abwere pambuyo. Ndipo kumene kuli magulu angapo, monga a Karizimatiki, a Legio ya Maria ndi a YCS, pamabuka funso lakuti aliyense ayende payekha kapena onse akhale pansi pa komiti imodzi. Malo ambiri amasankha kuti gulu lililonse lisunge mapemphero ake, koma onse akumane pa Misa imodzi ndi kalendala imodzi.

Chifukwa chake nkhaniyi ndi yofunika

Pa msinkhu umenewu munthu amakhala koyamba kutali ndi makolo, ndipo palibe womudzutsa kuti apite ku tchalitchi. Zimene ankakhulupirira chifukwa cha kwawo amazisankha yekha kapena kuzisiya. Ndi nthawi yomweyonso imene amasankha ntchito, mwinanso womanga naye banja. Anthu amenewa ndi amene mawa adzakhale madokotala, maloya, aphunzitsi ndi oyang'anira chuma cha anthu. Namwino amene adaphunzira kukhala pansi ndi kumvetsera wokalamba, kapena wowerengera ndalama amene adazolowera kusaina awiri ndi kusunga malisiti, amapita nazo ku ntchito zizolowezi zimenezo.

Chovuta chimabwera akachoka. Womaliza maphunziro amafika pa parishi imene palibe akumudziwa, maudindo ali ndi eni ake, ndipo ambiri amazilala chaka choyamba chomwecho. Magulu ena amakonza msonkhano wa omaliza wokambirana za kupeza parishi ndi mphakati kumene akupita, ndipo wansembe mlangizi amawalembera kalata yowadziwitsa kwa bambo mfumu wa kumeneko. Pali kanthu kenanso ka mapepala kamene kamaiwalika. Amene adabatizidwa ali pasukulu adziwe parishi imene ikusunga kaundula wa ubatizo wake, chifukwa malo ambiri a pa yunivesite si parishi ndipo amalembetsa ku parishi yoyandikana nayo. Amene adalandira ulimbitso aonetsetse kuti uthenga watumizidwa ku parishi imene adabatizidwira kuti ukalembedwe m'kaundula wa kumeneko. Chikalata chimenecho chidzafunidwa tsiku limene adzapite kukalembetsa ukwati kapena kupempha kulowa ku seminale.